Khoma la nyumba yakale likamanyowa, musathamangire simenti ndi penti

Pali funso limene ndaliyankha kambirimbiri mpaka kukhosi kuuma. Munthu walowa m'nyumba yakale, waikondera makoma ake ochindikala, mazenera aatali ndi zitseko zolemera zija. Pakutha pa miyezi ingapo akuona penti akufutuka m'munsi mwa khoma, pulasitala akuyoyoka, m'chipinda mukumveka fungo la chuku. Ndiye amandipeza: "Ndipake chiyani kuti zimenezi zitheretu?" Yankho langa silisangalatsa aliyense, chifukwa ndimati musapake kalikonse kaye. Ndaganiza zolemba zonse kamodzi kokha, kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Ndikamati nyumba yakale sindikunena ya zaka 20 kapena 30. Ndikunena zija zomangidwa simenti asanafale, makamaka za m'ma 1800 mpaka kumayambiriro kwa ma 1900, za khoma la njerwa kapena miyala lopanda mpata pakati. Simenti amene tonse tikumudziwa lero, wa Portland, analembetsedwa ndi Joseph Aspdin wa ku Leeds mu 1824, koma panapita zaka zambiri asanalowe m'nyumba wamba. Amisiri a nthawi imeneyo ankamangira laimu, amene ena amati njereza, wosakaniza ndi mchenga.

Khoma lotere limagwira ntchito mosiyana ndi la masiku ano. Mvula ikawomba limamwa madzi, kukacha limawatulutsanso. Ambiri mwa madziwo amatulukira m'mizere ya pakati pa njerwa, momwe muli daka, kutanthauza matope omangira aja, chifukwa daka la laimu ndi lofewa ndipo lili ndi timabowo tambiri kuposa njerwa. Mukamata khoma limeneli ndi simenti kapena penti wa mafuta, madzi amalowabe kudzera m'ming'alu ndi m'maziko, koma potulukira palibe.

Ineyo ndinaphunzira zimenezi mochita kupsa nazo. M'nyumba yoyamba imene ndinakonza, chinyontho chinkalekeza m'mawondo. Ndinagumula pulasitala, ndinamata wa simenti wothira mankhwala oletsa madzi, n'kupakapo penti wonyezimira. Kwa miyezi ingapo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Mvula itabweranso chinyontho chinatulukira pamwamba pa simenti wanga uja, cha m'chifuwa, ndipo thabwa la pansi pa zenera linayamba kuwola. Madziwo sindinawachotse, ndinangowasonyeza njira ina. Chimene chinkanyowetsa khomalo inali paipi yotsitsa madzi a padenga, yong'aluka mbali yoyang'ana kukhoma, kumene diso silifika.

1. Musananyamule hamala, dziwani zimene zingakuvulazeni

Choyamba ndi penti wa mtovu. Penti wakale wa mafuta, makamaka wa pazitseko, mafelemu ndi mazenera, kawirikawiri amakhala ndi mtovu. Ku United States anamuletsa m'nyumba zokhalamo mu 1978, ku Britain mu 1992, ndiye nyumba iliyonse yakale muziiyesa kuti ali momwemo pansi pa penti watsopano. Musamukweche ndi sandipepa ali wouma, musamuotche ndi moto. Fumbi lake limawononga ubongo wa ana aang'ono ndipo ndi loopsa kwa mayi woyembekezera. Nyowetsani pamene mukupala, valani masiki yosefa fumbi, ana akhale kutali mpaka mutakolopa.

Chachiwiri ndi asibesitosi, mwala wa ulusi umene unkasakanizidwa m'zipangizo zomangira. Nyumbayo ingakhale yakale kuposa asibesitosi wa m'misika, koma eni ake a m'ma 1950 mpaka m'ma 1980 mwina anamuikamo pokonza: mabolodi a siling'i, zofolera zotuwa zamizeremizere, matailosi ena a pansi, zokutira mapaipi a madzi otentha. Britain inamuletseratu mu 1999, maiko ena mpaka lero sanatero. Akakhala phee osakhudzidwa savuta kwenikweni. Kuboola, kudula kapena kuswa ndiye kumamwaza ulusi wake mumpweya, ndipo matenda a m'mapapo amene umabweretsa amadzaoneka patapita zaka 20 kapena kuposa. Chimene mukuchikayikira musachikhudze mpaka wodziwa atachiyeza.

Chachitatu ndi mawaya ndi mapaipi obisika m'khoma. Thimitsani magetsi pa switchi yaikulu, osati ya chipinda chokha, ndipo musagogode molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi. Mukapeza waya wokutidwa ndi nsalu kapena labala yofumbutuka, ntchito imeneyo ndi ya wamagetsi.

Yang'ananinso ming'alu. Yaing'ono ngati tsitsi ili m'nyumba yakale iliyonse. Koma mng'alu wopitirira mamilimita 5, wotsika ngati masitepe kutsata njerwa, kapena khoma lotuluka mimba, zimenezo zimafuna injiniya musanachotse kalikonse. Ndipo ngati nyumbayo ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, m'maiko ambiri pamafunika chilolezo ngakhale pa ntchito yooneka yaing'ono. Safunsa anadya phula.

2. Pezani kumene madzi akuchokera

Chida chachikulu apa ndi ambulera. Dikirani mvula yamphamvu, tulukani panja, zungulirani nyumba yonse pang'onopang'ono mukuyang'ana m'mwamba. Tsiku louma simungaone kanthu. Onani ngati ngalande za m'mphepete mwa denga zikusefukira, ngati madzi akutsetsereka kukhoma m'malo molowa m'paipi, ngati pansi pa zenera akubwerera kukhoma m'malo modonthera pansi. Pisani dzanja kuseri kwa paipi iliyonse. Kenako yang'anani pansi: madzi akugwa padenga akuthawa nyumba kapena akudikha m'mbali mwa maziko? Mzere wobiriwira wa ndere pakhoma ndi mboni yosanama. Utsatireni m'mwamba mpaka pamene wayambira.

Mukabwerera m'nyumba, khoma lenilenilo limakuuzani zambiri.

Banga limene lili m'mwamba kapena pakati pa khoma, lomakula mvula ikagwa n'kumachepa kukauma, ndi madzi olowa kuchokera kunja. Tulukani mukaone chimene chili kuseri kwa bangalo.

Chinyontho chochokera pansi chimayambira m'munsi, kawirikawiri sichipitirira mita imodzi, ndipo chimasiya mzere wokhotakhota wachikasu kapena wotuwa, pamodzi ndi mchere woyera wonga thonje. Koma musafulumire kunena kuti maziko ndi oipa. Nthawi zambiri vuto ndi loti nthaka ya panja inakwera. Zaka zana za kuthira dothi la maluwa, kuyala miyala pamwamba pa miyala ina, kuwaka simenti mozungulira nyumba, zonsezi zimakwirira khoma. Nyumba zina zakale zili ndi mzere woletsa chinyontho, wa phula kapena wa miyala yopyapyala yakuda, woikidwa pakati pa njerwa cha m'munsi. Nthaka iyenera kukhala masentimita 15 pansi pa mzere umenewu. Ikaukwirira, madzi amangowoloka.

Madontho akuda a chuku m'makona, kuseri kwa kabati ndi m'mphepete mwa mazenera kawirikawiri amachokera kwa inu eni: nthunzi ya kuphika, kusamba, kuyanika zovala m'nyumba ndi kupuma kumene, yomwe imasanduka madzi ikagunda khoma lozizira. Pofuna kutsimikiza, dulani pepala la pulasitiki lotalika masentimita 30 mbali zonse, limateni pakhoma ndi tepi mbali zinayi zonse, lisiyeni masiku atatu. Likachita thukuta mbali yoyang'ana kuchipinda, vuto ndi mpweya wa m'nyumba. Likanyowa mbali yokhudza khoma, madzi ali m'khomamo.

Banga losasintha chaka chonse, mvula kapena dzuwa, likayikireni paipi. Tsekani mipopi yonse, werengani mita ya madzi, muiwerengenso pakapita maola angapo: ikasuntha, pali paipi imene ikudontha.

Kamakina ka mano awiri koyezera chinyontho kaja musakakhulupirire kwambiri. Anakapangira matabwa, ndipo pathabwa kamanena zoona: kakapitirira 20 peresenti, thabwalo lili pangozi yowola. Pakhoma kamapusitsidwa ndi mchere, n'kumalira ngakhale khoma litauma. Anthu ambiri agulitsidwa mankhwala obaya m'khoma chifukwa cha kulira kwa kamakina kameneka, pamene vuto linali masamba odzadza m'ngalande.

3. Tsekani gwero

Apa palibe zambiri zofotokoza. Chotsani zinyalala m'ngalande, sinthani paipi yong'aluka, konzani pamene denga likudontha, kumbani njira yoti madzi azithawa nyumba. Tsitsani nthaka imene yakwirira khoma, koma samalani: maziko a nyumba zakale amakhala osazama, ndiye musakumbe mpaka kuwasiya pamtunda. Ngati pansi pa nyumba ndi pa matabwa, tsekulani mabowo olowetsa mphepo a m'munsi mwa khoma. Wina anawatseka poopa kuzizira, osadziwa kuti ndi amene amateteza mitanda ya pansi kuti isawole.

Ndaonapo makoma ambiri akuchira ndi gawo lokhali, popanda kugumula chilichonse.

4. Dziwani chimene chili m'mizere

Tengani msomali mukande daka la pakati pa njerwa. La laimu limakandika, limakhala loyererako, ndipo nthawi zambiri mumaoneka timibulu toyera. La simenti ndi lotuwa, msomali umangoterereka. Kachidutswa mukakaponya m'viniga, ka laimu kamachita thovu lambiri, ka simenti pang'ono chabe. Yesani malo angapo, chifukwa nyumba ya zaka zana yadutsa m'manja ambiri. Chimene mudzapeze kawirikawiri ndi simenti wa pamwamba, wochindikala sentimita imodzi kapena awiri, kumbuyo kwake kuli laimu wonyowa wofumbutuka.

Onaninso nkhope za njerwa. Zikakhala zodyeka, zolowa m'kati, mizere ya simenti itatsala yotukuka ngati nthiti, ndiye kuti madzi ndi mchere zakhala zikutulukira m'njerwa m'malo mwa m'mizere. Daka liyenera kukhala lofewa kuposa njerwa kuti lizidyeka ndilo, popeza daka limabwezeretseka mosavuta pamene njerwa yakale simungaipezenso.

5. Chotsani simenti, koma osati mwaukali

Yambirani malo obisika, pafupifupi mita imodzi mbali zonse. Gwiritsani tchizulo yopyapyala kuposa mzerewo ndi hamala yaing'ono, mukumenya mopendeketsa kutsata mzere, osati molunjika m'khoma. Simenti akamachoka yekha m'zidutswa, pitirizani. Akamachoka ndi nkhope ya njerwa, lekani pomwepo. Simenti wogwira chotero ndi bwino kumusiya, n'kumachotsa yekhayo amene wayamba kale kung'aluka. Pakapita zaka wina adzalekerera yekha.

Girayinda isiyeni m'bokosi. Ndikudziwa kuti imathamanga. Koma dzanja likangogwedezeka pang'ono imadya m'mphepete mwa njerwa, mzere wopyapyala wokongola uja n'kusanduka chimsewu, ndipo pa mizere yoimirira imadula njerwa ya pamwamba ndi ya pansi yomwe. Chilonda chimenecho sichipola. Fumbi lakenso ndi loipa m'mapapo.

Kumbani mzere kuzama kuwirikiza kawiri m'lifupi mwake, kawirikawiri masentimita 2 kapena 2.5, mpaka mutafika pa daka lolimba. Kumbuyo kwa mzere kukhale kosalala, osati kosongoka, kuti daka latsopano likhale ndi pogwira. Yambirani pamwamba kutsika, kuti fumbi lisagwere pamene mwamaliza. Daka lakale la laimu limene likadali bwino musalichotse chifukwa choti likukandika ndi msomali. Kufewa ndiye chibadwa chake. Lochotsa ndi lokhalo limene likugwa lokha kapena ladyeka mozama.

M'kati mwa nyumba, gumulani pulasitala wowonongeka mpaka masentimita 30 pamwamba pa pamene chinyontho chalekeza. Gogodani ndi chala: pomveka ngati ng'oma pafutuka, pomveka gwa pasiyeni.

6. Gulani laimu woyenera, mukande bwino

Dzina ndi limodzi koma zinthu zake n'zosiyana, ndipo ambiri amagwa apa. Laimu womwaza m'munda ndi mwala wongopera, sagwira ngakhale mutadikira chaka. Womangira amachokera ku mwala womwewo, koma wootchedwa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900 kenako n'kuthiridwa madzi. Akakhala pakhoma amakoka mpweya wa carbon dioxide pang'onopang'ono n'kubwerera kukhala mwala.

Alipo wonyowa wa m'zidebe, wofewa ngati dongo loumbira, amene amakhala atasungidwa m'madzi miyezi itatu kapena kuposa. Ameneyu amauma ndi mpweya wokha, ndi wabwino kwambiri pa pulasitala wa m'kati ndi njerwa zofewa. Alipo wa ufa wa m'matumba wolembedwa NHL (chidule cha natural hydraulic lime), wotsatiridwa ndi nambala 2, 3.5 kapena 5. Ameneyu amayamba kugwira ndi madzi, ndiye savuta kwa wophunzira. Nambalayo ikukamba za kulimba. Pa njerwa zofewa tengani 2, pa zolimbirako zoombedwa ndi mvula 3.5. Wa 5 ndi wolimba kwambiri pa khoma wamba la nyumba yakale. Aliponso ufa woyera wamba umene amisiri amathira m'daka la simenti kuti lifewe. Umenewo pawokha ndi wosadalirika panja. Ngati ndi wokhawo umene mungaupeze, uviikeni m'madzi tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo muyese kaye pa kachigawo.

Mchenga ukhale wokhakhala, wa timiyala tosiyana kukula, wopanda dothi ndi mchere. Thirani pang'ono m'botolo la madzi, khutchumulani, usiyeni ukhazikike. Matope akachuluka pamwamba pake, utsukeni kapena mupeze wina. Muyeso ndi chidebe chimodzi cha laimu pa zidebe ziwiri ndi theka kapena zitatu za mchenga. Yezani ndi chidebe, osati fosholo.

Madzi achepe. Poyamba daka limaoneka louma kwambiri ndipo dzanja limayabwa kuti muwonjezere. Pirirani, kandani mphindi 15 kapena 20, lisiyeni lipume pang'ono, mulikandenso. Limafewa lokha. Lakupsa ndi limene mukaliumba m'dzanja limakhala chibulu osagwa, osatulutsa madzi. Daka lamadzimadzi limang'aluka pouma ndipo limadetsa njerwa.

Wina adzakuuzani kuti muthiremo kasimenti pang'ono chabe kuti ligwire msanga. Mukaneni mwaulemu. Ndipo valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso nthawi zonse. Laimu amaotcha khungu mwakachetechete, mumadzazindikira madzulo zala zitasupuka. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 n'kuthamangira kuchipatala.

7. Kupoyinta, ndi kulera zimene mwapoyintazo

Kupoyinta ndi mawu a amisiri otanthauza kudzaza daka latsopano m'mizere ya njerwa. Mizere ya panja musaisiye yotseguka nyengo yonse ya mvula. Kumbani gawo limene mungathe kulidzaza m'masiku ochepa.

Sesani fumbi m'mizere, nyowetsani khoma madzulo, mulinyowetsenso m'mawa musanayambe. Likhale lachinyezi, osati lochucha. Njerwa youma imayamwa madzi onse a m'daka nthawi yomweyo, dakalo n'kufa lisanagwire. Ikani daka pa kathabwa, muzilikankhira m'mzere ndi kachitsulo kopyapyala kolowa bwino m'mzeremo. Mpeni womangira ndi waukulu kwambiri pa ntchito imeneyi. Kankhani mwamphamvu kuti kumbuyo kusatsale mphako, ndipo mzere wozama muudzaze kawiri kapena katatu, osati kamodzi. Lidzaze mopitirira pang'ono. Likagwera pankhope ya njerwa musalipukute lili lonyowa, mungolipaka paliponse. Lisiyeni lichite khambi, lidzachoka ndi burashi.

Apa ndi pamene malangizo ambiri amathera, ngati kuti ntchito yatha. Koma pamene pamafera ntchito za anthu ambiri ndi pomwepa. Simenti mumamuika n'kuchokapo. Laimu amafuna kuleredwa.

Dikirani mpaka daka lifike poti chala sichikulowa koma chikhadabo chikulemba. Kutengera nyengo ndi mtundu wa laimu, zimatenga maola ochepa kapena tsiku limodzi mpaka awiri, ndiye muzipita kukaligwira pafupipafupi. Likafika pamenepo, palani pamwamba pake ndi kamtengo kuti lifanane ndi nkhope ya njerwa kapena lilowe pang'ono. Kenako tengani burashi yolimba, mulimenye ndi nsonga za burashiyo molunjika, ngati mukugogoda chitseko. Osati kusesa, kumenya. Kumenyaku kumatseka timing'alu tobwera pouma, kumakanikizira daka kunjerwa, ndipo kumachotsa kakhungu kosalala ka pamwamba kuti mpweya uzilowa ndi chinyontho chizituluka. Mukafulumira, burashi imakoka daka n'kulipaka panjerwa. Mukachedwa, imangodumphapo. Mphindi yoyenera mumaidziwa poona timiyala ta mchenga tikuyamba kuonekera, mzere n'kumafanana ndi wakale woyandikana nawo.

Mukatero phimbani khoma ndi ziguduli zonyowa, zolendewera pang'ono patali kuti zisakhudze daka. Muziwaza madzi ngati nkhungu m'mawa ndi madzulo, kukatentha ngakhale masana, kwa sabata yathunthu kapena kuposa. Chifukwa chake n'chakuti laimu amasanduka mwala pokhapokha pali chinyezi ndi mpweya pamodzi. Akauma msanga ndi dzuwa kapena mphepo amayera mbee, amaoneka ngati wagwira, koma mukakanda ndi chala amangoyoyoka ngati fumbi. Akanyowa kwambiri ndi mvula yowomba amakokoloka n'kusiya mizere yoyera panjerwa. Kukazizira pansi pa madigiri 5 musagwire ntchitoyi n'komwe. Kukatentha kwambiri, tsatani mthunzi: gwirani mbali imene dzuwa lachokako.

Ngati mukudziwa kuti mawa muchokapo masiku atatu, musapoyinte lero.

8. Dikirani khoma liume

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amisiri ali ndi kawerengedwe kawo: mwezi umodzi pa masentimita 2.5 alionse a kuchindikala kwa khoma. Khoma la masentimita 23 lomwe linakhuta madzi lingatenge miyezi isanu ndi inayi. Palibe amene amafuna kumva zimenezi, makamaka alendo akamabwera n'kumaona njerwa zili pamtunda m'chipinda chochezera. Koma walira mvula walira matope.

Lembani ndi pensulo mozungulira banga, mulembepo tsiku. Mwezi uliwonse lembaninso. Bangalo likamabwerera m'kati mwa mzere, gwero munalipeza. Likakhala pomwepo kapena kukula itadutsa nyengo ya mvula, bwererani ku gawo lachiwiri, pali chimene munachiphonya. Kuli bwino kuzindikira zimenezi khoma lili lamaliseche kusiyana n'kuzindikira mutamata kale.

Tsekulani mazenera tsiku lililonse, sunthani mipando italikire khoma. Musaliwambe ndi chotenthetsera champhamvu, chimangoumitsa pamwamba m'kati muli chinyowere. Mchere woyera udzatuluka wambiri, mwina kuposa kale, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Usesereni ndi burashi youma, muwole, mukataye kunja. Musautsuke ndi madzi, umasungunuka n'kubwerera m'khoma momwemo.

9. Pulasitala wa m'kati

Pulasitala wa laimu amaikidwa katatu. Woyamba wochindikala pafupifupi sentimita imodzi, wosakaniza ndi ubweya kapena ulusi wodulidwa kuti asang'aluke, womatidwa pakhoma lonyowetsedwa. Akayamba kugwira mumamulemba mizere yopingasa kuti wachiwiri apeze pogwira, n'kudikira sabata imodzi kapena masiku khumi. Wachiwiri, wa muyeso womwewo, ndi wowongola khoma. Womaliza ndi wopyapyala, mamilimita 2 kapena 3, wa mchenga wosalala. Aliyense amafuna kuwazidwa madzi monga munachitira panja, ndipo timing'alu tikaoneka akadali wofewa mumatikanikiza ndi thabwa losalazira. Pulasitala wa jipisamu, wofewa wouma msanga uja, musamuike pakhoma limene linanyowapo. Amayamwa chinyontho ndi mchere n'kuwola.

Kunena zoona, kupoyinta aliyense wodekha angakuphunzire m'masiku ochepa, koma kuwongola khoma lalikulu ndi luso la zaka. Chigamba cha m'munsi mwa khoma chitani nokha. Chipinda chonse kapena siling'i, pezani mmisiri amene anagwirapo laimu, ndipo mumupemphe akuonetseni ntchito yake yakale. Musalimbanenso n'kuwongola khoma kuti lifanane ndi la nyumba yatsopano. Kupindika pang'ono kuja kuli m'gulu la zimene munaikondera nyumbayo.

10. Tsopano funso lanu lija: mupake chiyani?

Pakani chimene chimalola chinyontho kutuluka. Penti wa mafuta ndi penti wochita kakhungu ngati pulasitiki abwezeretsa vuto lonse limene mwavutika nalo chaka chathunthu. Chosavuta ndi njereza yopaka: laimu wonyowa uja wosungunulidwa m'madzi mpaka apyapyale ngati mkaka, wosefedwa. Mukafuna mtundu, thiranimo utoto wa ufa wochokera ku dothi, ndipo musakanize wokwanira khoma lonse nthawi imodzi chifukwa kufananitsa kawiri n'kovuta. Pulasitala watsopano mumupatse milungu ingapo kaye. Pa penti wakale wa mafuta njereza sigwira, ndiye ameneyo ayambe wachoka, mosamala monga ndanenera pa gawo loyamba.

Wazani madzi pakhoma, pakani ndi burashi yaikulu mukuitikita kuti ilowe, muzitakasa chidebe pafupipafupi popeza laimu amakhazikika pansi. Mukamapaka mudzaona ngati mwangopaka madzi, khoma likuonekera lonse. Musawonjezere laimu m'chidebe, musabwerezenso pomwepo. Njereza yochindikala imang'aluka ndipo imatsalira pa malaya a aliyense wotsamira khoma. Pofika mawa idzakhala itayera. Siyani tsiku lathunthu, wazaninso madzi, pakaninso. M'kati katatu kapena kanayi n'kokwanira. Panja, mbali yowombedwa ndi mvula, pakani kasanu.